Msana wa Mkamwini

Kalekale, njira zonse zikali za mapazi okhaokha, kunali mudzi wina m'mphepete mwa dambo. Dzina la mudziwo musandifunse, linapita ndi eni ake. Sunthirani kuno, ana inu. Amene ali ndi tulo atsamire mnzake, chifukwa ulendo tikuuyambawu ndi wautali.

M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Kaliwo, munthu wa msana waukulu ndi mawu ochepa. Kwawo kunali kutali, koma anadzakwatira m'mudzimo, namanga nyumba pakhomo pa apongozi ake monga amuna onse ankachitira. Mkazi wake anali Mwandida. Amayi a Mwandida, apongozi a Kaliwo, anali a Nachisale.

Inu a masiku ano mumaona mkamwini akudya mbale imodzi ndi apongozi ake aakazi, akuseka nawo mano onse ali panja. Kale zimenezo kunalibe. Awiriwa ankathawana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Sankayang'anana kumaso. Sankapatsana chinthu pamanja. Akafuna kuuzana mawu ankatuma mwana, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Kaliwo anakhala pakhomopo zaka zambiri, koma a Nachisale ankangowazindikira ndi kutsokomola kwawo ndi zidendene zawo za ming'alu. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo pousunga Kaliwo sankapikisana ndi munthu.

Koma pakhomopo panali chisoni. Mwandida akabereka mwana, mwanayo sankafika pokwawa. Akabereka wina, chimodzimodzi. Makasu okumbira manda analizolowera khomo lawo.

Tsiku lina a Nachisale anatola ndodo yawo, nanyamuka okha kupita kukachisi wa paphiri, kutali chakum'mawa, kumene anthu ankakapempha zimene zawakanika. Anakagwada kumeneko, nathira ufa, nalonjeza ndi pakamwa pawo.

"Mukampatsa mwana wanga mwana wokhala, ine ndemwe ndidzabweranso," anatero. "Ndidzabwera ndi mwanayo, ndi amake, ndi atate ake. Chaka chimene adzaleke kuyamwa, mvula yoyamba isanagwe, ndidzathira ufa pano ndi dzanja lomweli."

Mwana anabadwadi, wamkazi. Anamutcha Sakhalitsa, kuti imfa ikamva dzinalo iganize kuti palibe chofulumirira. Koma mwana uja anakwawa. Anaimirira. Anayenda. Analeka kuyamwa.

Tsono munthu akachira, khomo la sing'anga limatalika. Chaka chimenecho anati tiyambe takolola. Atakolola anati tiyambe tamanga nkhokwe. Nkhokwe itatha kunagwa maliro kumudzi woyandikana, kenako chinamwali, kenako kusosa m'munda. Mawa, mawa, mpaka mitengo ya mombo inaphuka masamba ofiira ndipo nyenje zinayamba kulira. Pamenepo Sakhalitsa anakana phala. M'mawa mwake anakananso. Masaya anaphwa, maso analowa, ndipo mwana amene ankathamangitsa nkhuku pabwalo anangokhala pamphasa ali zyoli.

Kaliwo anamunyamula, ndipo mantha anamugwira pomwepo. Kupepuka kumeneko ankakudziwa. Anali atakunyamulapo kale m'manja mwake, kupita nako kumanda.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Mwandida," anatero a Nachisale, "uwauze abambo a mwanayu kuti wopereka uja wayamba kutenganso chake. Tinyamuke mawa."

Paulendowo anapita nawo a Dzonzi, mlongo wa a Nachisale, amene anali mwinimbumba. Anali munthu wochepa thupi, wokonda fodya wa m'mphuno, ndipo miyambo yonse inali pamtima pawo. Mwambo umene a Dzonzi sankaudziwa ndiye kuti unali usanabadwe. Asananyamuke anaima pabwalo nakweza chala.

"Njira ya kukachisi ili ndi malamulo ake," anatero. "Sitibwerera m'mbuyo. Sitisiya munthu panjira. Ufa usanyowe. Ndipo tikafike tili oyera, osaphwanya mwambo ngakhale umodzi, poti mizimu silandira ufa wa anthu odetsedwa. Mwamva, akamwini?"

"Ndamva, bambo," anayankha Kaliwo.

Ananyamuka. Patsogolo a Dzonzi. Pambuyo pawo a Nachisale, atafungatira chipanda cha ufa wa mapira. Pambuyo pawo Mwandida, mwana ali kumsana. Ndipo kumbuyo kwenikweni, patali poti mawu safika bwino, Kaliwo, atasenza kamba, mphasa ndi nkhwangwa.

Anayenda, anayenda. Njirayo inali yakale, yokumbika ndi mapazi a anthu amene anafa kale. Pamphambano iliyonse panali mulu wa miyala, ndipo wodutsa aliyense ankaponyapo wake. Anawoloka mitsinje ya mchenga wokhawokha. Anadutsa m'tchire lopsa, phulusa likuwadetsa mpaka m'mawondo. Dzuwa likafika paliwombo ankabisala pamthunzi, a Nachisale pamtengo wawo, Kaliwo pamtengo wina, atawafulatira.

"Mwana wadya?" ankafunsa Kaliwo, Mwandida akamubweretsera madzi.

"Walavula."

"Nanga madzi?"

"Wanyambita pang'ono."

M'midzi imene ankadutsa, anthu anali atamaliza mizere m'minda, mbewu zili chire m'malichero. Onse maso kumwamba, kuitana mvula. Kaliwo nayenso maso kumwamba, koma iye ankaikaniza. Anthu aja akanamumva akanamutcha mfiti yomanga mvula, choncho ankangoimba chamumtima:

Mvula iwe, dikira,
Kamwana kali m'njira.
Mvula iwe, dikira,
Ufa ukali m'chipanda.

Anakumana ndi banja lina likuchokera kukachisi komweko, nkhope zili zowala.

"Fulumirani, anzathu," anatero mwamuna wa m'banjalo. "Kuseri kwa phiri kwayamba kuda. Chizimalupsa sichili kutali."

Chizimalupsa, ana inu, ndiyo mvula yoyamba ija imene imazimitsa moto wa m'tchire.

Anayenda, anayenda. Tsono woyenda kumbuyo amawerenga mapazi a anzake. M'mawa wina Kaliwo anaona kuti mapazi a apongozi ake asintha. Phazi lamanja linkaponda lonse, koma lamanzere linkaponda zala zokha. Atayenda pang'ono anaona kadontho kofiira pafumbi. Patsogolo kena. Patsogolo kenanso. Anadziwa kuti chisonga cha m'tchire lopsa lija chawabaya, ndipo akubisa.

Anatsegula pakamwa kuti aitane mkazi wake, koma anatsekanso. Akanena bwanji? Mkamwini anganene kuti wakhala akuyang'ana miyendo ya apongozi ake? A Dzonzi akamva adzati chiyani?

"Mwina aona okha," anadziuza. "Mwandida ali pafupi nawo, aona."

Koma Mwandida maso ake anali pa mitambo, khutu lake lili pa mpweya wa mwana. Sanaone kanthu. Kaliwo anayenda tsiku lonselo akuponda pambali pa madontho aja, manyazi atamutseka pakamwa. Ine ndikuti kumeneko kunali kupusa, ngakhale iye ankakuyesa ulemu.

M'mawa mwake a Nachisale anayesa kuimirira, nakhalanso pansi. Phazi linali litatupa ngati dzungu. Mwandida anachotsa chisongacho ndi munga, nafinya bala, namanga ndi masamba, uku akukalipa.

"Amayi, mumabisiranji? Mukanati munene dzulo tikanachotsa chisanalowe chonchi."

"Ndimati ndisakuchedwetseni," anayankha.

Kaliwo anamva zonsezo ali kuseri kwa mtengo, ndipo mtima unamutsutsa kwambiri.

Patali phiri linkaoneka, lobiriwira ngati utsi. Pamwamba pake panali mtambo umodzi wonenepa.

"Ndiwabereka ine," anatero Mwandida.

Anapereka mwana kwa Kaliwo, nabereka a Nachisale. Anayenda, anayenda, koma sanapite patali. Mphamvu zinamuthera, ndipo onse awiri anagwa m'fumbi. Mwamwayi chipanda sichinasweke.

"Patukani, ana inu," anatero a Dzonzi. "Mlongo wanga ndimubereka ndekha. Ine paunyamata ndinkasenza nguluwe yathunthu."

Anawerama, a Nachisale nakwera. Anaponya phazi limodzi. Anaponya lachiwiri. Polinga lachitatu msana unalira, ndipo a Dzonzi anakhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhuku yofungatira mazira. Kuyambira pamenepo iwonso anafuna ndodo.

Kaliwo anatula katundu wake. Analowa m'tchire ndi nkhwangwa yake, nadula mitengo iwiri, nasenda luzi, namanga machila ndi mphasa ija. Atamaliza anaima chapatali.

"Bambo," anafunsa, "kodi ndikagwira kutsogolo, nditafulatira, pali mlandu?"

A Dzonzi ananunkhiza fodya, naganiza, nayetsemula.

"Wowakhudza ndi mtengo, si inu ayi," anagamula. "Palibe mlandu. Koma musacheuke."

Ananyamukanso. Kaliwo kutsogolo yekha. Kumbuyo Mwandida mtengo umodzi, mwana ali kumsana, a Dzonzi mtengo wina, akubuula. Anayenda, anapumula. Anayenda, anapumula. M'dambo anang'omba ankalira ndi mawu awo apansipansi aja, ndipo aliyense amadziwa kuti anang'omba amaitana mvula. Linthumbu linadutsa njira litasenza mazira ake kupita kumtunda. Mphepo inatembenuka, niyamba kuchokera kumpoto, yozizira, yonunkhira dothi lonyowa.

Mvula iwe, dikira,
Kamwana kali m'njira.

Nyimbo ija tsopano inkatuluka ndi befu. Kumbuyo kwake Kaliwo sankamvanso mwana akulira, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamuopsa kuposa kulira.

"Make Sakhalitsa," ankaitana osacheuka, "akupuma?"

"Akupuma. Yendani."

Anafika patsinde pa phiri dzuwa litapendeka. Pamenepo onse anaima. Njira yokwerera kukachisi inali mpata wopapatiza pakati pa matanthwe awiri, wokhotakhota, wotsetsereka, woti munthu amakwera yekha atagwira ndi manja omwe. Kaliwo anayesa kulowetsa machila chowongoka, anakana. Anayesa chopendeka, anakana. Anawatula pansi.

Bingu linagunda kuseri kwa phiri.

"Mwandida, tenga chipandachi," anatero a Nachisale. "Kwerani. Ukathire ufa ndiwe, ine mundipeza pano."

"Sizingatheke," anatero a Dzonzi. "Munalonjeza dzanja lanu, mlongo wanga, osati la mwana wanu. Ndiponso sitisiya munthu panjira."

"Ndiye ndikwawa."

Anamangirira chipanda kumsana, nagwada, nayamba kukwawa. Kaliwo anafulatira monga mwa mwambo, koma makutu alibe chitseko. Anamva mawondo akukhuta pamwala. Anamva mpweya ukulira m'chifuwa cha nkhalamba. Anamva timiyala tikugumuka, kenako thupi likutsetsereka kubwerera pamene linayambira. Anamva akuyambanso. Anamva akutsetserekanso.

Mwandida anabwera nadzaima pamaso pake. Anamasula nsalu, namuonetsa mwana. Mutu wa Sakhalitsa unali utagwera chagada, milomo itauma, maso atatseguka pang'ono koma osaona kanthu.

"Bambo a Sakhalitsa," anatero ndi mawu otsika, "manyazi anapha lambe."

A Dzonzi anamva, poti makutu awo pa nkhani zotere anali akuthwa.

"Iwe Mwandida, tseka pakamwa. Ukufuna kunena chiyani? Mkamwini akhudze thupi la apongozi ake? Pa njira ya kukachisi? Tikafika kumeneko tili odetsedwa, ufa ukakanidwa, ndiye tidzati taphula chiyani?"

"Nanga tikakhala pano, atsibweni, tiphula chiyani?"

A Dzonzi anatulutsa fodya wawo, koma fodyayo anatayikira pansi. Iwonso anali ndi mantha, musawaone kukalipa.

"Ine ndanena," anatero. "Ndipo akamwini akudziwa kuti wochita zotere amapinda mphasa yake n'kubwerera kwawo."

Kaliwo anaima pakati pa zinthu ziwiri. Akasunga mwambo, apongozi ake safika, mvula igwa, mwana apita. Akauphwanya, afika, koma mwina mizimu ikana, mwana apitabe, iye n'kuthamangitsidwa pamudzi. Anayang'ana kumwamba. Kunali bii. Anayang'ana mwana. Ndipo anaona kuti njira imodzi inali ndi "mwina", inayo inalibe.

Anayenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, mpaka anamva mpweya wa apongozi ake pafupi. Anagwada, msana ataulozetsa kwa iwo. Kenako analankhula kwa mwana amene sankamva n'komwe.

"Sakhalitsa, uwauze agogo ako kuti msana uwu ndi wawo."

Mphepo yokha inkaomba mumpata muja.

"Sakhalitsa," anayankha a Nachisale, "uwauze abambo ako kuti ine manyazi andipha."

"Uwauze kuti inenso andipha. Koma tikafere pamwamba."

A Nachisale anakoka nsalu yawo, nadziphimba kumutu mpaka kumaso. Kaliwo anamva manja awiri owuma akugwira mapewa ake. Anadzuka nawo. A Dzonzi anatembenuka nayang'ana kuchigwa, kuti maso awo asadzakhale mboni.

Anakwera, anakwera. Zala zinagwira mwala, mawondo anagwira mwala. Pena mpata unkapanikiza mpaka zigongono kusupuka. Pena mwala unkagumuka pansi pa phazi, ndipo manja a nkhalamba ankamukanyanga pakhosi. Sanalankhulane. Kumbuyo Mwandida ankakwera ndi mwana, ndipo kumbuyo kwake a Dzonzi ankakwera akudandaula kwa makolo awo onse, mmodzimmodzi ndi dzina lake.

Atatsala pang'ono kutulukira pamwamba, a Dzonzi anaitana.

"Akamwini, atuleni pamenepo. Potsalapa ayende okha. Zachitika m'mpatamu zitsale m'mpata momwemu. Mwamva nonse?"

Kaliwo anawatula. A Nachisale anatsamira Mwandida, natsimphina mpaka anatulukira poyera.

Pamwambapo panali mtengo waukulu wa msolo, ndipo patsinde pake kanyumba kaudzu kofika m'chiuno. Ameneyo ndiye anali kachisi. Pambali panakhala mayi wosunga malowo, wovala nsalu yakuda, tsitsi lake losametedwa. Anthu aja anagwada naomba m'manja. Kaliwo anagwada kumbuyo kwenikweni, poti pansembe ya akuchikazi mkamwini alibe mawu.

Mayi uja anafunsa funso limene ankafunsa aliyense.

"Mwayenda bwanji m'njiramu?"

"Tayenda bwino, mayi," anayankha msanga a Dzonzi. "Aliyense ndi miyendo yake."

"Thirani ufa wanu."

Kathiridwe kake kanali kotere. Wolonjeza ankathira ufa pang'onopang'ono pa mwala wosalala. Mulu ukaima wosongoka ngati kachulu, ndiye kuti mizimu yalandira. Ukagumuka, yakana.

A Nachisale anatsegula chipanda nayamba kuthira. Ufa unatsika. Mulu unakwera, unakwera. Mulu unasongoka, kenako unang'ambika pakati n'kufalikira pamwala ponse.

Mwandida analira chapansipansi. A Dzonzi anagwira kumutu.

"Si izi ndinkanena," ananong'ona.

Kaliwo anacheukira kuchigwa. Mvula inali ikubwera, yooneka ndi maso, yotuwa kuyambira kumwamba mpaka pansi. Inameza mudzi umene anamwako madzi. Inameza dambo la anang'omba lija. Inali ikuyandikira tsinde la phiri.

Mayi wa pakachisi anasuzumira m'chipanda.

"Watsala wothira kamodzi," anatero. "Muthira, kapena muyamba mwaganiza?"

Kaliwo anayang'ana ufa wofalikira uja. Mwina mizimu yakana chifukwa cha msana wake. Mwina yakana chifukwa cha bodza. Sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti ufa wotsalawo sungathiridwe pamwamba pa chinthu chobisika. Anayenda ndi mawondo mpaka kutsogolo, naomba m'manja.

"Akamwini, bwererani kumbuyo," anatero a Dzonzi.

Kaliwo sanabwerere.

"Pepani, eni malo," anatero. "Ine pano ndilibe mawu, koma ndilankhula. Zanenedwa pano si zoona. Apongozi anga sanakwere ndi miyendo yawo. Ndawabereka ine pamsana panga, kuyambira patsinde mpaka pakhonde panu. Ndiponso phazi lawoli ndinaliona likukha magazi tsiku lathunthu, ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Ngati pali mlandu, ndi wanga. Ine ndine wobwera m'banja muno. Andithamangitse, ndipita. Mukafuna moyo, tengani wanga. Koma mwanayu musiyeni, sanalakwe kanthu."

Mayi uja anatembenukira kwa a Nachisale.

"Lonjezo ndi lanu. Inu mukuti bwanji?"

A Nachisale anachotsa nsalu kumaso kwawo.

"Wanena zoona," anatero. "Wandibereka. Chimwalirire amayi anga, palibe munthu anandiberekapo. Ndinali nditaiwala kuti msana wa munthu umafunda." Anapukuta m'maso. "Inu eni phiri, mukafuna wolakwa yambani ndi ine. Ndinalonjeza ndine, ndinachedwa ndine, ndinakwera pamsanapo ndine. Ndipo kukwerako sindikupepesa."

Anatenga chipanda, koma dzanja linkanjenjemera kwambiri moti ufa ukanamwazika ndi mphepo. Anayesa kuligwira ndi linzake, nalonso linkanjenjemera. Masamba a msolo anayamba kuthothoka. Phokoso la mvula linkamveka likukwera mumpata muja.

A Nachisale anatembenuka, nayang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Kaliwo, mwana wanga, gwira dzanja ili."

Kaliwo anagwira. Kadzanja kawo kanali kozizira, kamafupa okhaokha. Ndi thupi lake lalikulu lija anatchinga mphepo. Ufa unayamba kutsika, woonda ngati ulusi. Mulu unakwera. Unakwera. Chipanda chinapepuka. Ufa womaliza unagwa pansonga.

Anadikira. Mulu unaima.

Mayi wa pakachisi anaomba m'manja katatu, mwaulemu.

"Alandira," anatero. "Thawirani kuphanga uko."

Asanafike n'komwe kuphangako, mvula inawapeza. Inagwa yamphamvu, yamatalala, niutsuka ufa uja pamwala mpaka osatsala ndi kambewu komwe.

Koma musaganize kuti mwana anadzuka pomwepo n'kuyamba kuvina. Ayi. M'phangamo Sakhalitsa anagonabe m'manja mwa atate ake, wopepuka monga kale. Kaliwo ankaika khutu pachifuwa pake, n'kuchotsa, n'kuikanso. Mantha anali asanamuchoke. Anayamba kuganiza kuti mwina mizimu yalandira ufa koma mwana yamutenga kale.

Mphepo inagwetsa masuku mumtengo umene unali pakhomo pa phangalo, ndipo limodzi linagubuduka mpaka pa mwendo wa Mwandida. Iye analitola, nalifinya, napaka madzi ake pamilomo ya mwana. Poyamba panalibe kanthu. Kenako kalilime kanatuluka, kananyambita. Kananyambitanso. Mwandida anamuika suku lija pakamwa, ndipo mwana anayamwa, nayamwa, mpaka kutsala nthanga zokha.

Maso anatseguka. Anayang'ana amake, anayang'ana agogo ake, anayang'ana atate ake.

"Lina," anatero.

Kaliwo, munthu wamkulu uja, analira ngati mwana, apongozi ake akuona, ndipo sanabise nkhope.

A Dzonzi sananene za mwambo. Anadzuka ndi msana wawo wopweteka uja, natuluka pamvula, nayamba kutola masuku m'matope. Anabwera nawo odzaza m'manja, madzi akuchucha m'ndevu, nawathira pamiyendo pa Kaliwo.

"Musamupatse ambiri nthawi imodzi, akamwini," anatero. "M'mimba mukali mopanda kanthu."

Koma Sakhalitsa anali atatola kale lachiwiri ndi dzanja lake.

Nthano yanga ndaitula pano, miyendo yake yatopa. Ulemu umene ungaphetse mwana si ulemu, ana inu, ndi mantha chabe.